Bokosi Lachisanu ndi Chiwiri

Fomu yafika Lolemba, masamba khumi ndi anayi,
kuchokera kwa otipatsa ndalama ku London.
Ndakhala nayo mu ofesi yathu
pamwamba pa shopu ya nsomba kuno ku Hull,
hita ikukhosomola pakona,
mvula ikunyambita zenera cham'mbali.

Mabokosi oyamba savuta.
Matumba a chakudya tinawerenga.
Mabulangete tinawerenga.
Ogona pa makonde a sitolo amene tinawapezera bedi
ndili nawo mayina, ena ndi saizi ya nsapato zawo.
Chogwirika ndi manja chimalowa m'bokosi osachita makani.

Koma lachisanu ndi chiwiri likufunsa:
Mwasinthitsa malamulo angati chaka chino?
Lembani nambala yokha.

Ndilembe chiyani za Lachinayi lija
Mayi Pickersgill, abwana athu, bondo lili chotupira,
anakwera masitepe a khonsolo ndi jumbo m'manja,
natulutsa pilo wakuda bii ndi nkhungu,
wa mwana wa Nasrin, uja wa chifuwa chosatha,
namuika pa tebulo pakati pa makapu a tiyi?
Anawapatsa mphindi zitatu.
Anayankhula ziwiri. Yachitatu anangoti duu,
fungo n'kumalizitsa lokha.
Khansala wina anakankhira bisiketi yake kutali.
Kukankha bisiketi ndi nambala yanji?

Makalata tinalemba makumi anayi.
Anayankhidwa asanu, onse ndi pakamwa pamodzi:
talandira, tikuziona.
Tinakhala pa mabenchi a m'makolido mpaka matako kuchita dzanzi.
Dzanzi alibe bokosi lake.

Nanga Desmond Ackroyd,
amene zaka zisanu ndi zinayi ankabwera kudzatenga chitini cha nyemba
maso ali pa nsapato,
tsiku lija anaimirira mu holo,
pepala likunjenjemera ngati tsamba la nthochi,
natchula dzina lake pa maikolofoni, kawiri,
poopa kuti koyamba sanamve?

Nanga basi ya m'mamawa yopita kuchipatala,
imene ankafuna kuichotsa, ndipo sanaichotse?
Ikuyendabe, anthu akugona m'menemo mitu pagalasi,
sadziwa kuti inatsala pang'ono kufa.
Chimene sichinachitike ndichiwerenge bwanji?

Mu Okutobala, pa tsamba lakumapeto kwenikweni
la chikalata chimene sawerenga munthu,
liwu limodzi linasintha.
Pamene panali eni nyumba angathe kukonza
pali tsopano eni nyumba ayenera kukonza.
Ndinaliwerenga katatu, ndinapita kukalira kuchimbudzi.
Koma analisintha ndani?
Ife? Anamwino aja analemba zawo?
Mtolankhani wa njinga yofiira?
Kapena khansala uja ali ndi mdzukulu wa chifuwa?
Kwathu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe.
Fomu ikufuna kudziwa kuti chinali chala chiti
kuti ichiveke mphete.

Gwenda wasuzumira pakhomo, khoti lili kale m'mapewa:
Lemba kenakake, mwanawe, ikatha faifi koloko atseka,
popanda ndalamazi Epulo tikhoma chitseko.

Ndalemba 1. Ndafufuta.
Ndalemba 0. Dzanja lakana.

Ndamuimbira Nasrin.
Akuti liwu lasinthadi, wamva,
koma khoma likadali lakuda,
amakwerero anati abwera sabata yatha.
Kumbuyo kwa mawu ake ndikumva kachifuwa kaja,
kouma, kowerengeka bwinobwino:
kamodzi, kawiri, katatu.

Ndalemba theka.
Kompyuta yafiira: nambala yathunthu chonde.

Pansi akukazinga nsomba za madzulo,
mafuta akukwera m'ming'alu ya matabwa.
Kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi.
Ndabwezera 1 uja, woonda, woima yekha
ngati Desmond mu holo muja,
ndatumiza,
ndatsegula tsamba latsopano:
Okondedwa a khonsolo, tabweranso,
za khoma lija.